Madzi a ku Zanzibar Amene Ndinatunga Pampopi

Lolemba lapitali ndinapatsa munthu wamkulu botolo la madzi a pampopi, n'kumuuza kuti ndi a m'nyanja yamchere. Analilandira ndi manja awiri.

Ndayamba ndi mawu amenewa kuti ndisathawe. Ndikudzidziwa: ndikanayamba ndi mitengo ya kokonati ndi mchenga woyera, ndikanafika kumapeto kwa tsamba lino la nyuzi yathu osaulula kanthu.

Pa holide ino ine ndi amayi tinapita ku chilumba cha Zanzibar limodzi ndi amayi a kumpingo kwathu. Unali ulendo wa anthu a thumba laling'ono: basi mpaka ku Joni, kenako ndege yotchipa, masiku atatu okha, anthu anayi chipinda chimodzi. Buledi, chiponde ndi masamba a tiyi tinachita kunyamula kuchokera kuno ku Gaborone. Mayi wina ananyamula ndi ketulo yomwe.

Tisananyamuke kunabwera a Mbewe. Kwa inu amene simuwadziwa, a Mbewe amakhala m'kanyumba ka kuseri kwa aneba athu ku Block 6, ndipo amalondera nyumba yosungiramo katundu ku Commerce Park. Anabadwira ku Zimbabwe, bambo awo anali a ku Dedza, choncho Chichewa chawo chimayenda ndi Chishona mkati. Pachala chachikulu cha phazi lawo pali chilonda chimene chakana kupola kuyambira nthawi ya Pasaka. Amayi, poti ndi namwino, akhala akuwauza kuti apite kuchipatala akawayeze shuga. Iwo yankho lawo n'limodzi: "Ndipita, sisita, ndipita."

Tsiku limenelo anabwera ndi botolo la malita awiri, lotsukidwa bwino, chitsekerero chake atachikulunga ndi pulasitiki.

"Tiyamike mwanangu, ndamva mukupita kunyanja yaikulu. Ine malaya ayi, maswiti ayi. Unditungireko madzi okha. Kumene tinakulira, munthu akapita ku Beira ankabwera nawo. Chilonda chikamva madzi amenewo chimauma."

Amayi anapukusa mutu. "A Mbewe, madzi si mankhwala."

"Ehe, sisita, tiyese kaye amenewa. Akakanika, ndibwera kwanuko ndi miyendo yanga."

Ine ndinalandira botolo lija ndikuseka. "Musadandaule bambo, chimenechi n'chaching'ono."

Chaching'ono!

Pachilumbapo n'podzaza, abale. Ine ndinkaganiza kuti chilumba ndi malo a phee. Tinapeza tinjira topanikiza ngati makonde, njinga zamoto zikuliza mabelu kumsana kwako, ngolo za katundu zikukugunda chigongono, fungo la nsomba ndi zonunkhiritsa chakudya litasakanikirana. Tsiku loyamba lonse linathera m'masitolo. Mayi aliyense anali ndi pepala la mayina: chitenje cha apongozi, chitenje cha akazi a abusa, cha aneba, cha mlamu wa ku Francistown. Tsiku lachiwiri tinakajambulitsa pageti la hotela yaikulu imene sitinkagonamo. Mlonda wake anali wachifundo, anatilola kuima pafupi ndi maluwa.

Masana a tsikulo tinasamukira kugombe la kum'mawa, kumalo ogona otchipa. Nyanja inali pomwepo, mafunde akumenya masitepe a khonde. Botolo linali m'chikwama changa. Kutunga kukanatenga nthawi yofanana ndi kumanga zingwe za nsapato.

Koma ndinati nditunga mawa, kuti madziwo akafike ali atsopano. Ngati kuti madzi a m'nyanja amasasa!

M'mawa mwake minibasi yopita kubwalo la ndege inali yoti inyamuke seveni koloko. Ndinatuluka ndi botolo langa kutatsala mphindi zochepa.

Nyanja kunalibe.

Musandiseke. Ndili Fomu 4, za kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja yamchere ndinaphunzira, pamayeso ndinakhoza. Koma m'mutu mwanga nyanja inali ija ya kwathu ku Salima, imene ukaisiya apa, mawa umaipeza pomwepo. Iyi inali itabwerera kutali, ikungooneka ngati kamzere ka buluu. Pamene dzulo panali mafunde panali matope ndi miyala, amayi a kumeneko atawerama, akuzula udzu wa m'madzi umene amalima.

Ndinathamanga. Panali tizithaphwi tambiri m'njira, koma ndinatinyoza. Ndinati madzi ake n'ngakuda, a Mbewe akuyenera madzi enieni. Miyala inali yakuthwa, matope akugwira nsapato, ndipo kamzere ka buluu kaja sikankayandikira. Kenako hutala ya minibasi. Kenako mawu a amayi, aja amene amamveka ngakhale uli kutsidya kwa msewu: "Tiyamike! Ndege sidikira munthu!"

Pobwerera mutu wonse unali pa ndege. Ngakhale tizithaphwi tija sindinatikumbuke.

M'minibasi amayi anafunsa, "Watunga?"

"Eya."

Zengerezu adalinda kwawukwawu, amatero akuluakulu. Koma zengerezu si tchimo langa lalikulu. Lalikulu ndi "eya" ameneyo, ndi zimene anabala. Lolemba amayi atapita kuntchito ndinatsegula mpopi wa kukhitchini, ndinathira masipuni anayi a mchere, n'kukhutchumula. Ndinaona kuti madziwo ayera kwambiri. Ndiye ndinatenga nsapato zimene ndinathamangira zija, ndinagogodera mchenga wake papepala, n'kuthira m'botolo.

A Mbewe anavula chipewa. Anaomba m'manja monga amachitira a ku Zimbabwe, ananyowetsa chala, n'kulawa.

"Ndi yomweyo! Maita basa, zikomo mwanangu. Mulungu akupatse nzeru pamayeso."

Tsono ndikufunseni, a Malawi anzanga a kuno. N'chifukwa chiyani mawu akuti "ndalephera" amativuta chonchi?

Pakati pathu aliyense wapaulendo ndi mtengamakalata. Ukangonena kuti ukupita kumudzi, kapena ku Lusaka, kapena ku Joni, makomo amayamba kugogodedwa. Kalata iyi, phukusi ili, mankhwala awa a agogo. Palibe amene amakana, poti wokana timati wayamba kunyada. Chabwino, ndi mmene timathandizirana kuchilendo. Koma mvetserani zimene timanena pobwera. "Ndinawapeza atachoka." "Katundu anavuta paboda." "Ndinasiyira mwana wawo." Mwa mayankho amenewa, oona ndi angati? Munamvapo munthu akunena kuti, pepani, ndinaiwala, kalata yanu nayi?

Zithunzi zathu za pageti la hotela zatsukidwa Lachitatu, ndipo zikuyenda nyumba ndi nyumba. Palibe amene akutchula za chiponde ndi ketulo. Inenso anzanga a kusukulu ndawauza za mchenga woyera, osati za matope. Timafuna kubwera kuulendo tili anthu amene zonse zinawayendera. Botolo langa ndi mbale wake wa zithunzi zimenezo. Kusiyana kwake n'kwakuti chithunzi sichiikidwa pachilonda.

Lachinayi madzulo ndikutsuka mbale ndinamva amayi akulankhula ndi a Mbewe pampanda. Anali atawauza kuti avule sokosi.

"A Mbewe, phazili latupa. Onani mtundu wa chalachi. Mawa tipite."

"Aiwa sisita, madzi angogwira masiku atatu. Tiwapatse masabata awiri. Mwana wanu anavutikira, ndisamuchititse manyazi."

Ndisamuchititse manyazi. Ine.

Amayi atalowa ndinawauza zonse, manja akadali ndi thovu. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Koma iwo anangoti, "Pukuta manja. Ukanene wekha, ndi pakamwa pomwe unanamira."

Tinawapeza a Mbewe atakhala pampando panja, phazi lili m'beseni. Ndinagwada. Ndinanena za nyanja yothawa, za mpopi, za masipuni anayi. Sanandidule mawu.

Nditamaliza anafunsa, "Nanga mchenga uja?"

"Wa m'nsapato zanga, bambo."

Anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "Ndiye pa zonsezi chimene chinafikadi kunyanja ndi nsapato."

Kenako anatulutsa botolo pansi pa mpando. Linali theka.

"Theka linalo ndinatumiza kwa achemwali anga ku Ramotswa. Amuna awo miyendo inatupa. Ndinawauza kuti mwana wa sisita watunga ndi manja ake, mwana wopemphera, wolemba m'nyuzi yathu." Anachotsa phazi m'beseni pang'onopang'ono. "Ine kumeneko sindikanena. Ndilibe nkhope yake."

Lero Lachisanu amayi apita nawo kuchipatala. Shuga wapezeka. Za chala adokotala sananene motsimikiza, akuti aone kaye mmene mankhwala agwirire. Amayi akuti masiku anayi sindiwo anawononga chalacho, chilondacho n'chakale. Mnzanga wina wa m'kalasi wafika ponena kuti bodza langa lawathandiza, poti madzi akanakhala enieni, a Mbewe bwenzi akudikirabe masabata awiri aja. Mwina. Koma ine sindinathire mchere m'botolo kuti ndipulumutse phazi la munthu. Ndinathira kuti ndipulumutse nkhope yanga, ndipo munthu amene anandidalira anakhala madzulo anayi phazi lili m'madzi a pampopi, akundidalitsa.

Ndawapempha chilolezo ndisanalembe izi. Anati, "Lemba. Koma ulembenso kuti Mbewe wapita kuchipatala yekha, sananyamulidwe." Ndalemba, bambo.

Mawa m'mawa ndikwera basi ya ku Ramotswa. Amayi akuti andiperekeza mpaka pageti, koma kulowa ndilowa ndekha. Mayi amene ndikukamuona sindimudziwa. Iye akundidziwa ngati mwana wabwino amene anatunga nyanja ndi manja ake, ndipo mwina andiphikira tiyi ndisanatsegule pakamwa. Ndikayamba bwanji, sindikudziwa. Ndikudziwa kokha kuti amuna ake nawonso ayenera kukaonedwa miyendo, ndipo sadzapita madzi aja akadali pawindo.

Inu amene Khirisimasi ino mukwera basi ya kumudzi mutasenza makalata ndi maphukusi a anzanu, pena mudzaiwala, pena mudzachedwa, pena nyanja idzakuthawani. Zimachitika. Koma pobwerako timanyamula matumba a usipa, mpunga wa ku Karonga, zitenje mpaka zipi kukana kutseka. Kodi mawu awiri okha, "pepani, ndalephera," amalemera makilo angati kuti nthawi zonse tiziwasiya m'njira?