Zipsera za pa Sikirini ya Bambo

Kompyuta ija bambo anapatsidwa ndi bwana wawo, mmwenye wa sitolo yopikulitsa ku Limbe, atapuma pa ntchito yoyendetsa lole. Inali yokalamba kale pomwe ankailandira, sikirini yake ya chimbuyo chachikulu, yolemera ngati thumba la simenti. Bambo sanaphunzire kulembapo kanthu. Chomwe anagwira ndi masewera a makhadi aja osewera wekha, basi.

Atadwala sitiroko pakamwa panatsekeka, dzanja lamanja linafooka. Ine ndi amene ndinkakhala nawo ku Manja. M'mawa ndinkawasambitsa, kuwakhazika pampando, kuwayatsira kompyuta, kenako ulendo wa kuntchito. Ankakankha mausi ndi dzanja lamanzere tsiku lonse, magetsi akakhalapo, ndipo akasinza makhadi ankangokhala chiyakire. M'zaka zimenezo makhadiwo anapsereza galasi. Ukazimitsa, kuwala kwa pawindo n'kugwerapo, unkaona timabokosi totuwa titandandalikana, ndi kena pakona pomwe ankatolera makhadi. Bambo atamwalira zovala zinagawidwa, mpando unapita kumudzi. Ine ndinatsala ndi zipsera zimenezo, ndipo sindichita manyazi kunena kuti m'mawa ndinkazipatsa moni.

Achemwali anga akulu, a ku Naperi, sankazifuna. Nthawi ya matenda ankabwera Lamulungu lokha, nthochi zili m'jumbo, kupemphera mokweza mpaka aneba amve, n'kumapita. Ataziona zipserazo anati za akufa siziyenera kukakamira m'nyumba, n'chifukwa chake sindikukwatira. Ndinawayankha kuti akazi akuthawa nkhope yangayi, asanamizire kompyuta. Sanaseke.

Tsiku lina chithunzi chinayamba kufupika, pamwamba ndi pansi kumadyeka, mpaka chinasanduka kamzere kowala kopingasa pakati. Ndinathimitsa msangamsanga poopa kuti kamzereko kangapsereze pake. Ndinaikulunga sikiriniyo m'bulangete, n'kuisenza pamiyendo mu minibasi, kondakitala akundigemula kuti anditsitse pa Chichiri ndikaisiye kosungira zinthu zamakedzana.

Kuseri kwa msika wa Limbe kunali mmisiri wachikulire wokonza mawayilesi ndi ma TV, yemwe ankadziwana ndi bambo. Anamasula chimbuyo chija, anandiuza kuti ndifutukire uko chifukwa chubu, chigalasi chija choonetsa chithunzi, chimasunga magetsi ngakhale chili chozimitsa. Analowetsa sikuludilaiva yomangirira waya pansi pa kamphira, kunamveka kuti thwa! Kenako anandionetsa kachipangizo kotchedwa kapasita, wotupa ngati chitumbuwa, ndi malo pomwe mtovu unang'aluka. Anati vuto ndi lomwelo, chubu chili bwinobwino, ndingodikira apeze kapasita wina.

"Chilichonse sinthani, bambo," ndinatero, "koma galasili musalikhudze."

Ndinawafotokozera chifukwa chake, ndinawaonetsa ndi zipserazo. Anagwedeza mutu, anati malemu ankawapatsa matola pa lole, sangawachite chipongwe. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Achemwali atandifunsa pafoni komwe ndapititsa kompyuta, ndinawauza, ndikuyesa kuti afewa mtima.

Tsiku lokatenga ndinapeza aiyatsa kale, atailumikiza ku kompyuta ina yomwe anali nayo. Chithunzi chinadzaza galasi lonse, makhadi ofiira akuoneka psuu, kuposa mmene ndinkawadziwira. Ndinakondwa, sindibisa. Ndinawapempha azimitse, ndinainyamula kupita nayo pakhomo powala. Panalibe kanthu. Ndinapendeketsa uku, ndinapendeketsa uko, ndinapukuta ndi malaya ngati chitsiru. Galasi linali see, lopanda ndi kadontho komwe.

Amisiri ankangoyang'ana chowotcherera chawo. Nditawakalipira m'pamene anaulula. Kapasita anamupeza mawa lake lomwelo ndipo sikirini inayaka, zipsera zili pomwepo. Kenako kunabwera mayi wina pagalimoto, kudzanena kuti ndi mlongo wanga wamkulu, kuti banja lakhala pansi lagwirizana zoti galasi la zipseralo lichotsedwe, poti ine mutu sukuyenda bwino chimwalirire bambo. Ndiye amisiriwo anachotsa chubu chabwinobwino n'kuikamo cha sikirini ina yakufa yomwe inali pashelefu. Ndinafunsa komwe kuli chakalecho. Anati anachithyola khosi kuti chisaphulikire munthu, waya wa kopa anatenga ogula zitsulo, magalasi anapita ndi zinyalala.

Banja lake liti? Mayi athu anatisiya kalekale, ana tilipo awiri, achemwali ndi ine. Ndinapsa mtima, koma amisiri sindinalimbane nawo kwambiri. Munthu akabwera ndi mawu akuti banja, mmisiri wakuseri kwa msika amangomvera.

Ndinapita ku Naperi sikirini ili m'manja, thukuta lili kamukamu. Ndinawapeza akuyanika zovala. Sanakane, sanapepese, ngakhale kusiya kuyanikako sanasiye.

"Ndakumasula, mlongo wanga," anatero. "Tsiku lina udzandithokoza."

"Inu simunawasambitsepo ngakhale kamodzi."

Anati ukali umenewo ndi umboni woti chinthucho chinandigwiradi. Pamenepo ndinadziwa kuti ngakhale ndilire, ngakhale nditukwane, zonse aziwerengera mbali yawo. Chinandiwawa koposa n'chakuti anadikira kompyuta ichoke m'nyumba mwanga, aipeze ili m'manja mwa munthu wina, ine ndikudikira mwachimwemwe.

Kunyumba ndinalumikiza zonse, ndinatsegula makhadi aja, ndinawasiya chiyakire n'kupita kuntchito. Ndinkati apsereze galasi latsopanolo monga anapserezera lija, zitenge zaka zitenge. Ndinachita zimenezo kwa masiku angapo. Madzulo ena ndikulowa m'nyumba ndinawaona akuwala okhaokha, patsogolo pake palibe mpando, palibe munthu. Zipsera zimenezo zikanadzatuluka zikanakhala zanga, zochita kupanga dala. Ndinazimitsa, ndinazula pulagi kukhoma.

Kompyuta ilipobe, imayaka bwinobwino. Achemwali mpaka lero amauza anzawo a kumapemphero kuti anandikonzetsera.