Moto umene sindinabe

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka ku komiti ya gulu lathu Lachiwiri loyamba la mwezi wa Seputembala. Dandaulo lachiwiri ndinalipereka patatha masabata awiri, ndipo lachitatu kumayambiriro kwa Okutobala. Makope a makalata atatuwa ali m'chikwama changa chachikopa, pamodzi ndi ziphaso za ubatizo za ana anga. Ine sinditaya pepala.

Gulu lathu la alimi a mpunga kuno ku Bwanje linagula chigayo chopunthira mpunga ndi jenereta yaikulu ya dizilo yochiyendetsera, popeza mawaya a magetsi sanafike mbali ino. Jeneretayo anaimangira kashedi kuseri kwa nyumba yanga. Paipi ya utsi ndi mphepo yonse yotentha yotuluka mu injini anazilozetsa ku khoma la chipinda chimene ndimasungiramo mbewu. Kuchokera pa paipi kufika pa khoma ndi mikono itatu. Ndinayeza ndi chingwe, ndipo chingwecho ndinasunga.

Mbewuyo ndi ya mpunga wonunkhira umene bambo anga anandisiyira. Chaka ndi chaka ndimaipatula ndekha, ngala ndi ngala. M'sitolo simungaipeze. Ikafa, yafa.

Za injini sindichita kumva kwa anthu. Ndili mnyamata ndinkayang'anira injini ya magetsi pa esiteti ina kummwera. Dizilo amayaka m'kati, n'kukankha pisitoni. Pisitoniyo imazunguza chitsulo, chitsulocho chimazunguza maginito pakati pa mawaya, magetsi n'kubadwa. Ngakhale kumalo aakulu kumene amawotcha malasha nzeru yake ndi yomweyo, kungoti kumeneko amawiritsa madzi kuti nthunzi ndiyo izizunguza. Koma chimene ambiri sadziwa n'chakuti dizilo mukamugawa patatu, gawo limodzi lokha, kapena kuposera pang'ono, ndilo limasanduka magetsi. Otsalawo amathawa ngati kutentha, ena kudzera mu utsi, ena m'mphepo yoziziritsa injini. Gulu linkapunthira mpunga gawo limodzi lija. Awiri otsalawo linkanditumizira ine.

Jenereta isanayambe ntchito ndinali nditayesa mbewu yanga monga ndimachitira nthawi zonse. Ndinaika njere makumi awiri pa chiguduli chonyowa, ndipo zinamera zonse kupatula imodzi. Patatha mwezi ndinayesanso, zinamera khumi ndi zitatu, ndipo ziwerengero ziwirizi ndinazilemba papepala. Apo ndinasamutsira matumba kuchipinda chogona, ine ndi mayi a kunyumba n'kutsikira pamphasa, matumba pabedi. Koma nyumba ndi ya zipinda ziwiri, denga ndi lamalata, ndipo dzuwa la Okutobala m'chigwa muno mumalidziwa.

Cholakwa changa chinali liwu limodzi. M'kalata yachitatu ndinalemba kuti, "Moto wa jenereta yanu ukulowa m'nyumba mwanga usana wonse." Ine ndinkanena moto womwe timaudziwa, wotentha uja. Ndinaiwala kuti masiku ano munthu akati moto amanena wa m'batire: foni yatha moto, wailesi ilibe moto.

Lachisanu masana ndinangoona wapampando wa gulu, amene ndi mwana wa mlongo wanga, akulowa pabwalo ndi anthu awiri a m'komiti, mmodzi atanyamula khasu. Amayi amene anali pamzere kuchigayo anasiya matumba awo n'kusendera pafupi.

"Amalume," anatero wapampandoyo, maso ali pansi, "tabwera kudzaona waya."

"Waya wanji?"

"Mwalemba nokha kuti moto wathu ukulowa muno. Komiti yati moto sulowa m'nyumba popanda waya. Dizilo akutha msanga masiku ano, ndiye anthu akuyankhula."

Zaka zonsezi sindinatolepo ngakhale msomali wa munthu.

Mayi a kunyumba anatulukira pakhomo atanyamula koloboyi wathu. "Atcheya, taonani magetsi akubawo. Muwatenge, koma mutibwezere chingwe chake!"

Amayi ena anaseka, koma wa khasu uja anali atayamba kale kukumba m'mbali mwa khoma. Ndinaima n'kumaonerera akufukula maziko a nyumba yanga, jenereta ikulindima, utsi ukutiwomba kumaso. Anakumba kuchokera pangodya kufika pangodya. Waya sanaupeze. Anangopukuta thukuta n'kunena kuti, "Koma dothi ili likuwotcha ngati phulusa."

Ndinagwira dzanja la wapampandoyo n'kuligunditsa pakhoma, moyang'anizana ndi paipi. Analichotsa msangamsanga, n'kuliuzira.

"Moto ndimanena ndi umenewo," ndinatero. "Dizilo wanu sakubedwa. Akuthera pakhoma langa. Ndipo ngati akutha msanga, taonani utsi wakudawo. Sefa ya mpweya yatsekeka ndi mankhusu."

"Amalume, khoma lililonse limatentha mu Okutobala."

"Kagwireni la kutsogolo."

Sanapite kukaligwira. Anati nkhaniyi ikambidwa komiti ikakhala pansi, ndipo anachoka osakwirira dzenje. Ndinakwirira ndekha. Lamulungu kutchalitchi munthu wina anandifunsa monong'ona ngati ndingamutchajireko foni.

Kuyambira tsiku limenelo palibe yankho. Chigayo chikugwirabe ntchito kuyambira m'mawa, paipi ili pomwe inali. Sabata yatha ndinanyowetsanso chiguduli, ndipo pa njere makumi awiri zamera zisanu ndi zinayi. Ndazilemba papepala lomwe lija, pansi pa ziwerengero zoyambazo. Nazale ndiyenera kufesa mvula ikangoyamba, ndipo kumapiri a ku Mlangeni mitambo yayamba kale kusonkhana. Sindikufuna kuti chigayo chitsekedwe, chifukwa nanenso ndimapunthitsa komweko. Paipi ikhoza kupindidwa kuti iloze kumwamba, shedi n'kutsegulidwa mbali ya kudambo. Ndi ntchito ya tsiku limodzi kwa wowotcherera zitsulo wa ku Sharpevale.

Choncho ine, mlimi wa m'gulu lino amene ndinalemba makalata atatu aja, m'kalata yachinayi ino ndikupempha mwaulemu komiti kuti indiyankhe polemba, ndi siginecha ya wapampando, pa mfundo ziwiri: tsiku limene paipiyo itembenuzidwe mbewu yotsalayi isanafe, ndi mawu oti awerengedwe pamsonkhano wa alimi onse otsimikiza kuti m'nyumba mwanga simunapezeke waya.