Timabowo Timene Ndinamata

Ndinatuluka m'nyumba ku Machinjiri Loweruka 6 koloko m'mawa, nditakolekera chikwama chakuda ngati wokagulitsa wailesi. M'chikwamamo munali makina othandiza kupuma a amuna anga, bambo a Tadala, pamodzi ndi paipi yake ndi masiki ovala kumaso.

Bambo a Tadala amayendetsa lole ya simenti. Akagona amaliza mkonono, kenaka zii, kupuma kwaima, mpaka adzidzimuke ngati wina wawakanyanga pakhosi. Kukacha amakhala ngati sanagone. Mwezi watha anasinza pachiwongolero, lole n'kulowa m'ngalande. Palibe anavulala, koma bwana wawo anati akapanda kubwera Lolemba likudzali ali bwinobwino, makiyi apatsa wina.

Adokotala atanena kuti pakufunika makina, mlamu wanga anatibweretsera kuchokera ku Joni. Koma bambo a Tadala sanawakonde. Ankati mpweya ukulowa bwino, koma pofuna kuutulutsa akulimbana nawo ngati akuuzira chubu cha njinga. Ine ndine telala, chinthu chobooka sindichiyang'ana kawiri. Nditamva masiki akulira fyii pa timabowo tina takutsogolo, ndinagula guluu pa okala n'kumata tonse bwinobwino. Zinthu sizinasinthe, mwinanso zinaipiraipira. Ankadzuka mutu ukuwawa, mpaka Lachinayi anaponya masikiwo pansi. Ndinawakalipira kuti munthu wamkulu asamachite ngati mwana wokana jakisoni.

Mnzanga wa kutchalitchi anandiuza za a Namakhwa a ku Zingwangwa, amene kale ankakonza zipangizo zam'chipatala. Ndiwo ndinkawalondola.

Minibasi ya ku tauni inadzadza 7 koloko itakwana. Kondakitala anati K2,000, ndipo ataona chikwama anafuna kuchiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a makala.

"Chimenechi ndichinyamula pamiyendo," ndinatero.

"Muli mazira kodi, amayi?"

"Muli ntchito ya amuna anga."

Sanamve, komanso analibe nazo ntchito. Anatipanikiza anayianayi pampando wa anthu atatu. Pa Chirimba panakwera gogo wina ndi nkhuku yake, ndipo nkhukuyo inakhala bwino kuposa tonsefe. Titafika pa Chemusa tinaima mphindi makumi awiri chifukwa dalaivala anaona apolisi kutsogolo, n'kutsitsa anthu awiri kuti adutse wapansi. Pa nthawi imeneyo bambo wina pafupi nane anali atagona kale, pakamwa yasa, akupuma mofatsa. Ndinamuchitira nsanje. Sindinkadziwa kuti munthu angasirire tulo ta mlendo m'minibasi.

M'tauni ndinatsika cha m'ma 8 koloko. Ndinagula mandasi awiri a K300 limodzi, koma ndinangodya theka. Minibasi ya ku Zingwangwa inali K1,000. Ndinatsikira pamsika, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto kupita kumtunda. Msewu wake ndi miyala yokhayokha. Dzanja limodzi ndinagwira chikwama, linalo jekete la mwini njinga, amene anayendetsa ngati kumbuyo wanyamula thumba la chimanga.

A Namakhwa ndinawapeza pakhonde, bambo wachikulire wa magalasi omanga ndi waya, atazunguliridwa ndi ma ayironi ndi mafani akufa. Anandipatsa mpando, tinapatsana moni, kenaka anati, "Magetsi apita 6 koloko, mayi. Tidikire."

Tinadikira maola atatu. Akazi awo anandipatsa thobwa ndi chinangwa chophika. Ndinafotokoza nkhani yonse, kupatula ya guluu, chifukwa sindinkaiona ngati nkhani.

Magetsi anabwera 12 koloko itadutsa, ana a m'dera lonselo n'kukuwa. A Namakhwa analumikiza makinawo, n'kudina mabatani awiri nthawi imodzi mpaka panatuluka zolemba zimene ine sindinazionepo.

"Apa ndiye pali vuto la abambo," anatero. "Makinawa amakankha mpweya kuti njira ya kukhosi isatsekeke. Koma ali ndi nzeru ina. Akamva kuti munthu wayamba kutulutsa mpweya, amafewetsa mphamvu pang'ono, kenaka n'kubwezeretsa akamakoka. Zimenezo zinali zozimitsa. Ndayatsa. Mphamvu yeniyeniyo sindikhudza, imeneyo ndi ya adokotala."

Anandiuza kuti ndiike chikhatho pakamwa pa paipi, ndizitseka n'kutsegula. Ndinamva mpweyawo ukugonja n'kubweranso. Misozi inalengeza. Ndinaona kale Lolemba, bambo a Tadala atavala ovolosi yawo, makiyi ali m'manja.

"Tione masiki," anatero a Namakhwa.

Anawatembenuza, n'kuwayandikiza kumaso. Anakanda ndi chikhadabo. Kenaka anavula magalasi.

"Wamata apa ndani?"

"Ndine. Ankadontha mpweya."

Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Analankhula motsitsa, ngati pamaliro.

"Mayi, timabowo timeneti ndi khomo. Mpweya woipa umene munthu watulutsa umathawira pamenepa. Mukatseka, abambo amapumanso mpweya wawo womwewo. Agona nawo masiku angati chonchi?"

"Atatu."

"Thokozani kuti anawaponya pansi."

Ndinakumbukira Lachitatu lija. Bambo a Tadala anakweza dzanja kuti avule masiki, ine n'kuligwira dzanjalo, ndikuti pirirani bambo, mankhwala sakoma. Anapirira chifukwa cha ine.

Ndinafunsa ngati tingaboole ndi singano, poti singano ndili nazo zamitundu yonse. A Namakhwa anayesa ndi kawaya. Guluu uja anali atadya pulasitiki, ndipo pamene anakanikiza, mbali yonse inang'aluka. Ananena kuti ngakhale akanaboola sakanandilola kuwaveka munthu, chifukwa pali kachitseko kena mkati kamene guluu anakagwiranso. Masiki ena iwo analibe. Anaimbira anthu awiri, onse anati mtundu umenewo ndi woitanitsa kunja, milungu isanu ndi umodzi ngati zayenda bwino. Mlamu wanga sangathandize, anamubweza kumudzi chifukwa cha mapepala.

Ndalama ya ntchito yawo a Namakhwa anakana. Anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kunena kuti abambo azigona chammbali, ndipo asayerekeze kugwira chiwongolero.

Pobwerera sindinakwere kabaza. Ndinatsetsereka wapansi mpaka pamsika, fumbi likulowa m'maso. M'tauni mtengo wa ku Machinjiri unali utakwera kufika K2,500 chifukwa anthu anachuluka, ndipo sindinatsutse, ine amene ndimakangana ndi kondakitala pa K100. Mtsikana amene ndinakhala naye anafunsa ngati ndikudwala. Ndinati ndi fumbi.

Ndinafika kunyumba 4 koloko. Bambo a Tadala anali pampando pakhonde, ovolosi yochapa ili pachingwe kudikira Lolemba. Anali atagona, kapu ya tiyi ili pamwendo. Mkonono unalira kawiri, kenaka zii. Ndinaima pageti, chikwama chili m'manja, ndikuyang'ana chifuwa chawo chikuvutika popanda chotuluka. Ndinawerenga mpaka khumi ndi zisanu ndi zinayi asanadzidzimuke.

"Mwabwera, mayi a Tadala? Akonza?"

"Makina akonza," ndinatero.

Anamwetulira, kumwetulira kumene sindinakuone mwezi wathunthu. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo n'kutsegula chikwama. Zaka makumi awiri anthu a ku Machinjiri akhala akunditama kuti sindisiya bowo pansalu, ndipo palibe anandiuzapo kuti mabowo ena amaikidwa dala. Ndinatulutsa masiki ong'aluka aja n'kuwaika m'manja mwawo.

"Bambo a Tadala," ndinatero, "Lolemba simupita."