Matewe a Mwana Wanga

Mwana wanga wamkazi atayamba kuyenda, tinaona kuti ali ndi matewe. Kusikelo anandikalipira kuti ndizimudyetsa nsomba ndi kumuwotheretsa dzuwa. Ine, woyanika matemba padoko la Kachulu tsiku lonse, mwana ali kumsana! Dzuwa lina ndikanalitenga kuti? Apongozi anga aakazi nawonso sankatopa kunena kuti ndinafulumira kumuimiritsa.

Patapita zaka, ofufuza za matenda anamuyeza magazi. Anati mchere wolimbitsa mafupa, fosifeti, umamutayikira mumkodzo, ndipo vutoli n'lakumtundu: bambo akakhala nalo, ana ake onse aakazi amatengera. Kenaka anapempha kuona miyendo ya akuluakulu a pabanja pathu.

Amuna anga anati yawo inapindika chifukwa chokulira m'bwato. Apongozi, olongolola aja, anangokokera chitenje chawo mpaka kuphimba zala zakumapazi.