Mphini za aNachisale

Ndikamva fungo la mafuta a nsatsi, mtima umabwerera ku Chikwawa, m'chilimwe cha chaka chimene ndinali Sitandade 5. Dzuwa linkaswa mtengo moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, ndipo phulusa la nzimbe zowotchedwa ku esiteti linkagwera pa zovala zimene amayi ayanika. Chilimwe chimenecho amalume anga a Zuze anali ndi nkhani imodzi yokha pakamwa: ufumu wa mudzi wathu.

Mfumu inali itamwalira, ndipo mabanja awiri ankalimbirana mpando. Amalume ankati ife ndife a nyumba yaikulu, mbumba ya mayi amene anayambitsa mudziwo, pamene enawo ndi zidzukulu za mng'ono wake. Anakwera basi mpaka ku Zomba, kumene kumasungidwa mapepala a nthawi ya atsamunda, nabwerako ndi kope lodzaza maina. Koma mzungu wolembayo ankangolemba amuna, uje mwana wa uje, chonsecho kwathu ufumu umatsata kuchikazi. Munalibe dzina la mayi ngakhale limodzi.

Umboni wotsala unali pathupi pa aNachisale, mng'ono wa agogo anga, nkhalamba yaukali yokonda fodya wa m'mphuno. Kale atsikana a banja lachifumu ankawatema mphini zawozawo pamimba, ndipo kwathu iwo ndiwo anali omaliza kukhala nazo. Anali atafooka kwambiri, ndipo amalume ankaopa kuti tsiku la mlandu sadzalifika. Mwamuna sakanaona mimba ya amayi ake aang'ono, amayi anga sankadziwa kugwira pensulo, choncho anatuma ine, mwana wamkazi wapasukulu, kuti ndikazijambule.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pamkeka, patsinde pa msawu. Anamasula chitenje, nadzola nsatsi pamimba kuti mphinizo zioneke.

"Yang'ana bwino, mwanawe. Usachite tsinya ngati waona nsomba yoola."

Kunena zoona, ndinkanyansidwa. Khungu linali lamakwinya, komanso kusukulu anatiuza kuti mphini n'zachikunja. Zinali ngati minga ya nsomba mbali ziwiri za mchombo, kumanja mizere inayi, kumanzere itatu. Iwo ankaloza umodziumodzi, akutchula maina a amayi akale a mbumba yathu. Ine makutu anali kwa anzanga amene ankasewera fulaye kumsewu. Dzina ngakhale limodzi sindinalisunge.

Nditafika kunyumba ndinachita manyazi ndi chojambulacho. Chinali chopendekera, ndipo ine m'kalasi ndinkadzitama ndi makope aukhondo. Ndinaganiza kuti wotemayo anangoiwala mzere umodzi. Ndinatenga rula ndi pepala latsopano, n'kujambula inayi uku, inayi uku. Loyamba lija ndinaliponya pamoto.

"Takhuta, mphwanga," anathokoza amalume, akusungira pepala latsopanolo m'pulasitiki. "Dzanja lako ndi la kalaliki."

ANachisale anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Tsiku la mlandu anthu anadzaza pabwalo, akudzikupiza ndi makatoni. Pepala langa linaperekedwa kwa amayi awiri okalamba ochokera mudzi wina, amene kale anali anamkungwi. Anawerenga ndi chala, nabwerezanso.

"Isanu ndi itatu," anatero mmodzi. "Awa ndi a nyumba yaing'ono. Yaikulu amatema isanu ndi iwiri. Malo opanda mzerewo amasiyira mfumu yodzabadwa m'mimbamo."

Amayi anga anayesa kutsutsa, koma pepalalo tinali titabwera nalo tokha. Anthu anaseka, ena mpaka kuwomba m'manja. Amalume analipinda pang'onopang'ono, natembenukira kwa ine. M'maso mwawo munalibe mkwiyo.

"Iwe unajambula zimene unaona, si choncho?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

Panjira ndinkangoti ndapulumuka chikwapu, ndipo mtima unapepuka. Sindinadziwe kuti kuyambira tsikulo amalume sadzapondanso pabwalo, kuti kope la ku Zomba lija adzalisiyira chiswe, ndiponso kuti adzakalamba akukhulupirira kuti makolo awo anawanamiza. Ndinakhala nawo zaka zambiri, ndinawadwazika, koma pakamwa panga sipanatseguke. Ndikadaulula, mwina mpando sukadabwerera, koma akadapita akudziwa kuti aNachisale ananena zoona. Lero aliyense amene anaonapo mimba ija ali kumanda kupatula ine, ndipo ndikatsinzina ndimaionabe bwinobwino ili nyezinyezi ndi nsatsi, kumanja inayi, kumanzere itatu.