Magalasi mu mtondo wa amayi

Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Anati mamakisi sanakwane, basi. Ndinabwerera ku Kabwata kukakhala ndi amayi ndi mng'ono wanga wa zaka zinayi. Masiku amenewo anthu ankatha tsiku lonse pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira. Ine mizere inkandinyansa.

Ndinkayenda pansi mpaka ku Kabulonga, kumene antchito a m'nyumba ankataya mabotolo a vinyo kuseri kwa mipanda, obiriwira ndi abuluu. Ndinkawaswa, kuwapera pamwala, kuthira ufawo m'tizikombole tadongo, n'kuwotcha pa mbaula ndikupemerera moto ndi pampu ya njinga. Galasi likafewa ndinkaboola ndi sipoko ya njinga kuti likhale mkanda. Mikanda yambiri inkasweka pozizira. Yotsalayo ndinkaitunga pawaya wa kopa, kupanga ndolo ndi zam'khosi.

Kupera pamwala kunkachedwa, ndipo zala zinali mabala okhaokha. Tsiku lina amayi ali pamzere, ndinatenga mtondo wawo umene anachoka nawo ku Petauke pokwatiwa. Ntchito ya masiku atatu inatha dzuwa lisanafike pamutu. Ndinautsuka katatu n'kuubweza pamalo pake. Sindinkadziwa kuti mtengo umameza galasi.

Mawa lake amayi anasinja mtedza woti atendere chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu. Akusefa panja, mng'ono wanga ali chilili kudikira kunyambita, nsinjiro zinanyezimira padzuwa. Anamumenya dzanja mwanayo lisanafike m'lichero. Kenako anandiitana.

"Iwe, ni chani ichi?"

"Ninasuka, amai."

"Unasuka." Anafikisa nsinjiro pakati pa zala, magazi n'kutuluka pang'ono. "Ukanapaya mwana wanga chifukwa cha tumikanda."

Sanandimenye. Bwenzi zili bwino akanatero. Anakwirira nsinjiro kuseri kwa chimbudzi, nati mtondowo tsopano ndi wanga, ndiunyamule ndipite nawo kwa amalume ku Livingstone. Ndinawapempha kuti ndikhale. Anayankha kuti nyumbayo ndi yaing'ono, singasunge mwana ndi magalasi pamodzi.

Pa siteshoni ya mabasi ya Intercity wokweza katundu anandiseka.

"Ba sisi, mwamuna akupitikisani na mtondo wonse?"

"Kweza chabe, siya kukamba."

Ku Livingstone ndinalowa koyamba m'nyumba yosungiramo zakale. Munali mikanda yagalasi yofukulidwa m'manda a anthu amakedzana, yaing'ono ngati mapira, yoikidwa bwino pansalu. Ndinaima pamenepo mpaka mlonda anayamba kundiyang'anitsitsa. Ndinkapitanso kufupi ndi mathithi otchuka a kumeneko kukaonerera amisiri osema. Bambo wina wachitonga ankatha sabata yathunthu pa khutu la mvuu yamtengo, osathamanga. Zimenezi zinkandisangalatsa, ndipo ndinkachita nazo manyazi, podziwa chimene chinandifikitsa kumeneko.

Ndinaphunzira kuziziritsa mikanda m'phulusa, ikaleka kusweka. Yabwino koposa, yabuluu, ndinatumizira amayi ndi kalata. Yankho silinabwere.

Patatha zaka ziwiri ndinabwerera ku Kabwata osaitanidwa. Amayi anandiyang'ana pakhomo nthawi yaitali, kenako anapatuka kuti ndilowe. Ndimagona m'nyumbamo, ndimasesa, ndimachapa, ndimapita pamzere m'malo mwawo. Mikanda ndimapangira kwa mnzanga ku Chelstone, ndipo ndisanalowe m'nyumba ndimasamba m'manja pampopi wapanja iwo akuona. Koma kukhitchini sindiloledwa. Ndikangogwira mpeni wa ndiwo, amabwera n'kuulanda mwakachetechete, nati, "Siya, nizachita neka."