Chala cha Achimwene

Achimwene anga, amene ndinawaponda pamutu, ankapalasa kabaza ku Limbuli. Tsiku lina m'mawa kuli chiperoni, anaterereka atanyamula matumba a chinangwa, n'kumenyetsa mutu pamwala. Uthenga unandipeza pa Nkando ndili pa makina anga osokera. Ndinasiya diresi la eni lili pa singano n'kukwera minibasi.

Kuchipatala ndinawapeza m'chipinda cha odwala mwakayakaya, cha mabedi anayi. Anali ndi kapaipi ka mpweya m'mphuno, dripi pamkono, ndipo pambali pawo makina ankangolira. Akazi awo, alamu anga, anali ndi khanda kumsana, choncho woyang'anira wodwala ndinakhala ine. Ankandilola kulowa mphindi zochepa, kenako panja. Pabenchi sindinkakhazikika. Ndinkapita kumpopi, kubwerera, kusuzumira pawindo, kupitanso kumpopi botolo lili lodzaza kale.

Tsiku lachiwiri masana, ndikuwapukuta kumaso, ndinaona chala chachikulu cha dzanja lamanzere chikugwedera, pang'ono chabe koma mosadukiza. Mlomo mbali yomweyo unkakokeka. Maso anatseguka pang'ono n'kuyang'ana kumodzi.

"Achimwene, mukundimva?"

Sanayankhe. Ndinathamangira namwino, mayi wamtali amene ankasintha dripi ya wodwala wina. Pomwe ankafika n'kuti zonse zitaleka.

"Mwina ayamba kutsitsimuka," anatero. "Mukaonanso mundiitane."

Ndinakauza alamu panja, tinasangalala, koma achimwene sanadzuke. Zinachitikanso kawiri, ndipo kawiri konse namwino anapeza dzanja lili zii. Ndinayamba kudzikayikira. Mwina kunali kutopa, mwina maso anga ankaona zimene mtima unkafuna.

Mawa lake zitayambanso sindinathamange. Ndinatulutsa foni n'kujambula kanema mpaka zitasiya zokha. Kenako ndinakaima pakhomo kudikira adokotala, ndipo atangotulukira ndinawatsekera njira. Sindinawapatse n'komwe moni.

Ndinawapatsa foni, anaonera kanemayo katatu, namwino uja ali pambali pawo.

"Zayamba liti zimenezi, amayi?"

"Dzulo masana. Aka n'kachinayi."

"Uku n'kugwidwa ngati kwa khunyu," anatero adokotala.

Ndinatsutsa. Khunyu limene ndinkalidziwa ine linali la munthu kugwa pansi, kutsalima, thovu kukamwa. Adokotala anati kwa munthu wokomoka kale nthawi zina thupi siligwedezeka kwenikweni, koma ubongo wovulalawo umakhala ukuvutika mkati, ndipo zikamabwerezabwereza munthu amalephera kudzuka. Makina oyezera zimenezi anati ali kutali, kutauni, koma zomwe anaona pafoni zinali zokwanira kuti ayambe mankhwala.

Anawabaya chala kuyeza shuga ndi malungo, zonse zinali bwino. Kenako anathira mankhwala m'dripi. Namwino anakoka mpando n'kukhala pafupi, maso ali pachifuwa cha achimwene, chifukwa mankhwalawo amatha kufooketsa kapumidwe. Anandipatsa pepala ndi cholembera.

"Munaona bwino, achemwali. Lero musatuluke. Zikayamba lembani nthawi, zikasiya lembaninso."

Mpando anandipatsa, koma ndinkangoimirira. Madzulo asanafike ndinalemba kamodzi, ndipo anawonjezera mankhwala ena. Tsiku lotsatira panalibe choti ndilembe papepala. Ntchentche ikatera pa nsalu ndinkadzidzimuka.

Alamu atamva mawu oti khunyu, anabwerera m'mbuyo n'kulimbitsa nsalu ya mwana.

"Ndiye malovu aja mwakhala mukupukuta ndi manja?"

Ndinakwiya, koma ndinadziwa kuti ndi mantha omwe tonse tinakula nawo. Namwino anatuluka n'kukhala nawo pabenchi, kuwauza mofatsa kuti matendawa sapatsirana, anadza chifukwa cha bala la m'mutu. Alamu anandipatsira mwana, analowa, n'kukawapukuta okha amuna awo.

Tsiku lachisanu m'mawa, namwino akuwatembenuza, achimwene anadandaula kuti akuwapweteka phewa. Mawu anali olemera, koma anali awo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe, ukutani kuno? Kuntchito wasiya ndani?"

Ndinangokhala pansi pasimenti.

Achimwene anatuluka m'chipatala patapita milungu iwiri. Dzanja lamanzere silinabwerere mphamvu zonse, ndipo kabaza anawaletsa. Masiku ano amakonza njinga za anzawo pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi msika. Za m'chipinda muja sakumbukira chilichonse. Mapiritsi amamwa akung'ung'udza, akuti amawagonetsa ntchito ili m'manja, ndipo kawiri konse anafuna kusiya. Ulendo wachiwiri ndinatseka shopu n'kupita ku Limbuli. Tinakangana mpaka anthu odikira njinga zawo anayamba kutileretsa, koma mapiritsi anamwa ine ndikuona.